Kodi Ng'ombe ya M'khola ndi Cuma Cakufa?

Munthu woyenda pa mseu wocokera ku Vubwi kunka ku Chipata akumana ndi ngolo zokokedwa ndi ng'ombe, zitasenza cimanga, nshawa kapena soya, ndipo kumadambo aona tianyamata tikubusa zoweta. Ophunzira ambiri pakuona zimenezi apukusa mitu, nanena kuti anthu akumudzi sadziwa malonda, pakuti asunga ng'ombe kufikira zitafa ndi matenda m'malo mwa kuzigulitsa ndi kuika ndalama ku banki. Mau amenewa amveka anzeru, ndipo mnyamata wotuluka kumene m'sukulu awalandira msanga. Koma ayenera kuyesedwa bwino asanawatenge kukatsutsa nao atate wace.

Ganizoli lili ndi mbiri yace. M'caka ca 1926 Melville Herskovits wa ku America analemba za mitundu ya kum'mawa kwa Africa, nasonyeza kuti pakati pao ng'ombe iloŵa m'ukwati, m'maliro, m'milandu ndi m'ulemu wa munthu. Zimene anaona zinali zoona ndithu. Colakwa cinadza ndi iwo amene anatenga mau ace nawapotoza, nayamba kuphunzitsa kuti mwini khola akonda kuŵerenga nyanga cabe, ndi kuti sadziwa mtengo wa cinthu cace. Ciphunzitso cotere ciiwala kufunsa funso loyamba: kodi msika unafika bwanji pakhomo pa munthu ameneyu?

M'dziko la Mfumu Pembamoyo mulibe abusa oyendayenda, pakuti Acewa ndi anthu a khasu. Koma anansi ao, Angoni a Mpezeni, anali otero kale. Anaoloka Zambezi ndi Zwangendaba m'caka ca 1835, nayenda ndi zoweta zao kufikira ku Ufipa, ndipo pambuyo pace gulu la Mpezeni linadzakhazikika kufupi ndi kumene kuli Chipata lero. Cuma cao cinali ca miyendo inai, cotha kuyenda nao kulikonse. M'caka ca 1898 asilikari a Angerezi anawathyola, Nsingo mwana wa Mpezeni anaphedwa, ndipo ng'ombe zoposa 10,000 zinalandidwa. Posakhalitsa unadza msonkho wa nyumba, woperekedwa ndi ndalama. Dziko lalikuru linagwa m'manja mwa North Charterland Exploration Company, eni nthaka napanikizidwa m'malo ocepa. Tsono amuna anamka ku migodi ndi ku mafamu a ku Southern Rhodesia. Umu ndimo Mngoni anaphunzirira ndalama: anayamba walandidwa khola, pamenepo nauzidwa kuti alipire. Wolemba aliyense wodzudzula mbumba yace cifukwa ca kuumirira ng'ombe, osachula caka ca 1898, wasimba theka la nkhani.

Cacimodzimodzi ciphunzitsoci siciona nchito imene ng'ombe igwira isanafike kwa wogula. Kuyambira 1948, pamene Boma linayamba kukhazika alimi m'minda yolima ndi pulawo m'cigawo ca Kum'mawa, Acewa a ku Katete, Sinda ndi Vubwi anazindikira kuti goli limodzi litsiriza munda umene makasu angacedwe nao masabata. Ng'ombe ilima, ikoka ngolo, ipatsa ndowe pamene fetereza wakwera mtengo, ibala inzace, ndipo tsiku la maliro kapena la matenda akuru igulitsidwa. Ndalama ya m'thumba icepa mphamvu caka ndi caka, monga adziwa onse amene anasunga Kwacha m'zaka za m'ma 1980. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapacala ngwamphepo. Mlimi wokana kugulitsa ng'ombe yace yapagoli pa mtengo wa njala ya mu February waŵerenga bwino masamu ace.

Pamene dziko la Zambia linatsegula malonda kuyambira 1991, Boma linacotsa dzanja lace pa zambiri. Madibi amene anali kuyang'aniridwa ndi Boma anasiyidwa kwa eni ng'ombe, mankhwala nakhala ogula. Pamenepo nkhupakupa zinapeza mpata, ndipo cigodola, nthenda imene izo zifalitsa, ipha makamaka ana a ng'ombe. Zofanana zinaoneka kutali ku Mongolia, dziko la abusa enieni oyendayenda. Kumeneko zoweta za m'magulu a Boma zinagawidwa kwa anthu itapita 1990, koma nkhokwe za udzu ndi madokotala a zoweta zinazilala, kotero kuti cisanu coopsa ca pakati pa 1999 ndi 2002 cinapha zoweta pafupifupi mamiliyoni 11. Konse kuŵiri phunziro ndi limodzi: msika udziwa kugula nyama, koma sumanga dibi kapena nkhokwe. Zimenezo zifuna anthu ogwirizana, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Komabe odzudzula aja ali ndi mau amodzi oona, cinkana kaŵirikaŵiri saŵachula. Ku Katete ndi m'maboma oyandikana nao kuli mwambo wakuti mwana wa banja losauka abuse ng'ombe za mwini wace zaka zitatu kapena zinai, ndipo potsiriza alandire ng'ombe imodzi. Kwa makolo ace imeneyi ndiyo njira yokha yoyambira khola. Koma zaka zimenezo ndizo zaka za sukulu, ndipo mnyamatayo abwera ndi thole lace ali wosadziwa kuŵerenga sikelo ya wogula kapena malangizo olembedwa pa botolo la mankhwala. Apa ndipo pali cuma cakufa ceniceni, ndipo cili m'mutu wa mwanayo, osati m'khola.

Cifukwa cace wophunzira wobwerera kwao asayambe ndi kukakamiza atate wace kugulitsa. Ayambe ndi kulemba m'buku masiku a dibi ndi a katemera, kufunsa mitengo ya ku Chipata wogula asanafike pamudzi, ndi kukambirana ndi anyakwawa za kubusa mosinthana, kuti mng'ono wace apeze nthawi ya kukhala m'kalasi. Akatero, pa tsiku la kugulitsa mtengo udzachulidwa ndi mwini khola.