Njinga ya Bambo, Nzeru za Mwana

Filimu yonena za kukula kwa mwana imagwira mtima ikanena zoona pa za m'banja. The Boy Who Harnessed the Wind, imene Chiwetel Ejiofor anatulutsa mu 2019, ikusimba za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, pa nthawi ya njala ya 2002.

Mphamvu yake yagona pa mkangano wa njinga. William akuipempha kuti aiphwasule, apangire makina oyendera mphepo. Bambo ake akukana poti ndicho chuma chokha chotsala pakhomo. Onse aŵiri ali ndi mfundo zomveka. Mwana wa msodzi ku Liwaladzi, amene anapemphapo bwato la bambo ake, angaumvetse ululu umenewu.

Koma kumapeto filimuyi ikupeputsa zinthu. Makina akupopa madzi, mbewu zikumera, njala ikutha. Chikhalirecho makina oyamba a William ankangoyatsa magetsi pakhomo, ndipo zopopa madzi zinadza patapita zaka. Nacho Chicheŵa cha alendo oseŵera m'filimuyi n'chopotoka.

Motero filimu yotere tiikhulupirire pamene ikuonetsa banja likulimbana ndi umphaŵi, koma tiikayikire ikamathetsa njala ya mudzi wonse ndi nzeru za mwana mmodzi.