NTHONDO NDI MITIMA YA ANA ATHU

Ambiri a inu munawerenga buku la Nthondo, limene analemba mphunzitsi Samuel Josia Ntara wa ku Nkhoma. Bukuli linapambana pa mpikisano wa mabuku a m'zinenero za mu Afrika, linasindikizidwa m'caka ca 1933, ndipo mu 1934 T. Cullen Young analimasulira m'Cingerezi, nalicha Man of Africa. Lero tiliyese pa cinthu cimodzi cokha: kodi litiphunzitsa ciani za mtima wa munthu pa msinkhu wace, angakhale mwamuna kapena mkazi?

Mlembi atsata Nthondo kuyambira kubadwa kufikira imfa. Tiona mwana wamasiye, atate wace atamwalira, alikukula m'kuba ndi m'mabodza; tiona mnyamata alikunka ku Halale kukafuna nchito; pambuyo pace abwera kwao, alowa ufumu, natembenuka mtima, nakhala Mkristu. Apa mlembi anacita bwino ndithu, pakuti aonetsa kuti khalidwe la munthu silikhala monga mwala, koma likhoza kusinthika. Anthu ophunzira amene anayang'anira miyoyo ya anthu ambiri zaka zambiri, m'maiko osiyanasiyana, anapeza comweco: munthu pocoka pa unyamata amayamba kudziletsa, kusunga nchito yace, ndi kupirira anzace koposa kale. Cifukwa cace tisataye mtima pa mwana wopulupudza.

Koma ciripo cimene ndidandaula naco. Masamba ambiri anena za zoipa za Nthondo, ndipo azinena mokoma, kotero kuti wowerenga aseka. Koma kutembenuka kwace kufika kumapeto, ndipo kupita msanga. Tsono wina atatseka buku angati, Mwana wamwamuna ngwotero, mlekeni, adzaleka yekha akakula. Mau awa timawamva pabwalo masiku onse, ndipo aononga ana. Zaka pa zokha sizipatsa munthu nzeru. Alipo a imvi amene mkwiyo wao ndi umbombo wao zinakula pamodzi nao. Makolo anati m'mera mpoyamba, ndipo sananame.

Cina ndi ici. Nthondo ndi mbiri ya mwamuna, ndipo mtima umene tiupenya m'kati ndi wace yekha. Ntara analembanso Nchowa mu 1949, mbiri ya mkazi, ndipo nkwabwino kuwerenga mabuku awiriwa pamodzi. Pakuti ife timayesa ana athu ndi miyeso iwiri. Mnyamata akakwiya timati ngwolimba mtima. Mtsikana akakwiya timati ngwamwano. Mnyamata akalakwa timyembekeza zaka khumi. Mtsikana akalakwa kamodzi, dzina lace latha. Ophunzira aja anena kuti akazi ambiri apambanako pa cifundo ndi pa nkhawa, koma kusiyana kumeneku nkocepa poyerekeza ndi kusiyana kwa mkazi ndi mkazi mnzace, kapena mwamuna ndi mwamuna mnzace.

Malembo atsimikiza zimenezi. Pa 1 Samueli 25, wopusa ndi waukali ndiye Nabala, mwini cuma. Wanzeru ndi wolimba mtima ndiye mkazi wace Abigaili, amene anatuluka kukakomana ndi Davide ndi anthu ace a malupanga, napulumutsa a m'nyumba yace. Pa Yobu 32, Elihu, ndiye wamng'ono, adikira akulu atsirize, nayankhula pamene iwo anasowa mau. Ndipo Paulo polembera Tito, pa mutu 2, alangiza nkhalamba zazimuna, akazi okalamba, akazi ang'ono ndi anyamata, osasiyako mmodzi. Kudziletsa akufuna kwa onsewo.

Cotero, abale, werengani Nthondo, muwerengerenso ana anu madzulo, pakuti Cinyanja cace ncokoma ndi miyambo ya makolo iri momwemo. Koma mukafika pa kuba kwace, imani, nimufunse ana amuna ngati nkoyenera kuseka. Ndipo cipiriro cimene mlembi anacitira Nthondo, mucitirenso ana anu akazi.