Gay Byrne ndi luso la kutchera khutu

Lachisanu pa 8 Novembala 2019, anthu a ku Dublin anaima m'mbali mwa misewu kudikira galimoto ya maliro yochokera ku Howth, dera la m'mphepete mwa nyanja komwe malemu ankakhala. Misa inachitikira m'tchalitchi cha St Mary's Pro-Cathedral, mtsogoleri wa dziko la Ireland panthawiyo a Michael D. Higgins ali pomwepo, ndipo wailesi ya kanema ya RTÉ inaonetsa mwambowo. Operekezedwa ndi ulemu woterewu anali muulutsi, a Gay Byrne, omwe anamwalira pa 4 Novembala ali ndi zaka 85 atavutika ndi khansa kwa zaka zingapo. Ambiri mwa olirawo anali asanagwiranepo nawo chanza. Ankangodziwa mawu ndi nkhope yawo, komabe ankawatchula kuti Gaybo, ena mpaka kumati amalume, ngati munthu wa pakhomo.

Pamaliro timatamanda malemu ngakhale pa zomwe analibe. Ine ndifunse funso la ntchito: kodi bambowa ankatani kwenikweni akakhala pa maikolofoni, choti dziko lonse n'kuwalira chonchi? Ndikuona kuti ankadziwa kutchera khutu. Pomwe anamvetsera anachita zazikulu, ndipo pomwe anasiya kumvetsera n'kuyamba kuweruza, anapunthwa ngati wina aliyense.

A Byrne anabadwa pa 5 Ogasiti 1934 n'kukulira ku Rialto, dera la anthu wamba mumzinda wa Dublin. Bambo awo ankagwira ntchito ku kampani yofulula mowa ya Guinness. Iwo anayamba ndi ntchito ya inshuwalansi, mu 1958 n'kulowa ku Radio Éireann, kenako anakasulidwanso ku Granada Television mumzinda wa Manchester. Wailesi ya kanema ya dziko la Ireland inatsegulidwa usiku wa pa 31 Disembala 1961, ndipo mu Julayi 1962 anawapatsa pulogalamu yocheza ya usiku, The Late Late Show, yomwe akuluakulu ankayesa kuti ingotseka mpata kwa masabata ochepa. Anaisiya mu Meyi 1999, patatha zaka 37. Pa wailesi ya mawu anali ndi pulogalamu ya m'mawa kuyambira 1973 mpaka 1998.

Amene anakula pomwe MBC inali wailesi yokhayo kuno kwathu akudziwa mmene mawu a muulutsi amalemerera pamene kulibe kwina kotsegula. Mu 1962 Ireland anali ndi anthu osakwana 3 miliyoni, ndipo mpaka 1978 RTÉ inali ndi tchanelo imodzi yokha ya kanema. Loweruka usiku banja lonse, agogo ndi adzukulu, linkaonera chinthu chimodzi m'chipinda chimodzi, m'mawa mwake n'kukakambirana zomwezo potuluka m'tchalitchi. Linalinso dziko lomwe zambiri sizinkatchulidwa. Mpingo wa Katolika unali ndi mphamvu m'sukulu, m'zipatala ndi m'malamulo. Kugulitsa zipangizo zolerera kunali mlandu, malamulo oyendetsera dziko sankalola kuthetsa ukwati, ndipo mtsikana akatenga mimba asanakwatiwe ankamubisa kutali ngati wafa.

Luso lawo loyamba linali pa kamangidwe ka pulogalamu. Kwa zaka zambiri a Byrne analinso mkonzi wa pulogalamuyo, osankha alendo ndi kuona woyamba ndi wotsiriza. Mayina a alendo sankalengezedwa pasadakhale. Zonse zinkaulutsidwa pompopompo, m'situdiyo mutadzaza anthu omwe nawonso ankapatsidwa mpata woyankhula. Usiku umodzi womwewo munkatha kuona woimba, wanthabwala, wansembe ndi munthu wobwera ndi nkhani yoti ena sakufuna kuimva. Kasakanizidwe kameneka kanali ndi nzeru ya mayi wobisa mankhwala owawa m'phala la mwana. Bambo yemwe akanazimitsa kanema atamva kuti lero akamba za kulera ankakhalabe pampando kudikira woimba kapena mphoto, nkhani yovutayo n'kumupeza ali pomwepo, mkazi wake ali pambali.

Zina zinkangochitika zokha. Mu Febuluwale 1966, pa sewero lofunsa mwamuna ndi mkazi wake mafunso ofanana, mayi wina anafunsidwa mtundu wa chovala chogonera chomwe anavala usiku wa ukwati wake. Anayankha moseka kuti mwina sanavale kanthu. Anthu m'situdiyo anafa nalo phwete, koma Episkopi Thomas Ryan wa ku Clonfert anakwiya n'kudzudzula pulogalamuyo poyera. Nkhaniyi imasekedwa mpaka lero, komatu inaonetsa mphamvu ya kamera. Mayi wamba anayankhula pa bwalo la dziko lonse monga amayankhulira ndi anzake, ndipo amene anatsala yekha ndi mkwiyo wake anali episkopi.

Luso lachiwiri, lomwe kwa ine ndilo lalikulu, linali funso lalifupi lotsatidwa ndi chete. Aulutsi ambiri amaopa chete ngati njoka. Mlendo akangoti apume, iwo aponyapo kale funso lina, kapena ayamba kuonetsa kuti nkhaniyo akuidziwa kuposa mwini wake. A Byrne ankakonzekera mokwanira ndi gulu lawo la ofufuza, koma akafika pampando ankafunsa mwachidule, n'kudikira. Mu Januwale 1999 analandira a Pádraig Flynn, mkulu wa ndale wa chipani cha Fianna Fáil yemwe panthawiyo anali komishonala ku European Union. Wina mwa oonera anafunsa za malipiro awo. A Flynn anayamba kudandaula mmene zimavutira kusamala nyumba zitatu, n'kuuza anthu wamba omwe anali m'situdiyomo kuti adzayese okha tsiku lina. A Byrne sanawadule. Atawafunsa za Tom Gilmartin, wabizinesi yemwe ankati anawapatsa £50,000, a Flynn anayankha ngati omvera chisoni kuti munthuyo sakupeza bwino, ndi mkazi wake yemwe. Gilmartin ankaonera ali ku England. Anapsa mtima n'kuvomera kukapereka umboni ku bungwe lofufuza za ziphuphu, ndipo ndale za a Flynn zinathera pomwepo. Palibe anawakalipira usiku umenewo. Anangopatsidwa mpata, dzenje n'kudzikumbira okha ndi lilime lawo.

Ntchito yawo yolemera koposa inachitikira pa wailesi ya m'mawa, nthawi yomwe amuna ali kuntchito, ana ali kusukulu, amayi atsala okha m'khitchini. Amayiwa ankalemba makalata, ena za mwamuna chidakwa, ena za banja lomwe anthu agona nyumba imodzi zaka zambirimbiri osalankhulana. Pa 31 Januwale 1984, mtsikana wa zaka 15 wa m'tauni ya Granard ku Longford anabereka yekha panja, pamalo opempherera pomwe pali chiboliboli cha Amayi Maria. Khandalo linamwalira, iyenso anamwalira tsiku lomwelo. Makalata anasefukira ku pulogalamu ya a Byrne, ochokera kwa amayi omwe nawonso anabisapo mimba n'kubereka okha, ena atakhala nacho chinsinsicho zaka makumi osauzapo munthu. Patapita masabata angapo pulogalamu yonse inaperekedwa ku makalatawo. A Byrne ndi ochita zisudzo ankangowerenga, ina ikatha ina, popanda ndemanga zambiri. Apa muulutsi wina akanafuna kuti dziko limve maganizo ake. Iwo anadziwa kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho anangochotsa mpiringidzo n'kuima pambali.

Pali usiku wina, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, womwe ophunzira ntchito ya kuulutsa ayenera kuuonera kawiri. Pulogalamu inali ndi mpikisano wa galimoto, ndipo a Byrne anaimbira foni mayi yemwe khadi lake linatoledwa. Anayamba ndi nthabwala monga mwa nthawi zonse, koma mawu a mayiyo anali ozizira. Kenako mayiyo ananena kuti mwana wake wamkazi wamwalira usiku wapitawo. A Byrne anasokonezeka, n'kufunsa funso lopanda mutu loti wamwalira chifukwa chiyani, mpaka mayiyo anawafunsa ngati akuchita nthabwala. Inali ngozi ya pamsewu. Ambiri akanathamangira kuika nyimbo kapena malonda. Iwo anatsitsa mawu, anapepesa, anasiya mayiyo kuti asankhe yekha kupitiriza kapena ayi, ndipo anapempha alendo omwe anali nawo kuti anenepo mawu. Mlakatuli Brendan Kennelly analakatula pamtima ndakatulo yake yotchedwa Begin. Chomwe ndimatengapo apa n'chakuti muulutsi analakwitsa pamaso pa dziko lonse, koma sanathawe. Anamva kuti pulogalamu yomwe anakonza yatha, yayamba ina, ndipo anatsatira namfedwayo.

Komatu khutu lomweli linkatsekeka nthawi zina, ndipo kubisa zimenezo n'kunamiza owerenga. Mu 1992 zinaululika kuti Episkopi Eamonn Casey wa ku Galway ali ndi mwana ndi mayi wa ku America, Annie Murphy. Chaka chotsatira mayiyo anabwera ku The Late Late Show. A Byrne, omwe ankawakonda a episkopiwo, anafunsa ngati loya wa mbali inayo, mokayikira ndi mozizira. Potseka anati mwanayo akadzangofika theka la bambo ake ndiye kuti zamuyendera. Mayiyo anayankha kuti nayenso si munthu wachabe, n'kunyamuka. Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo: usiku umenewo a Byrne analowa m'situdiyo atagamula kale mlandu, ndipo munthu yemwe anawerenga makalata a amayi mu 1984 analephera kumva mayi yemwe anakhala naye maso ndi maso.

Zinachitikanso mu Okutobala 1994, pomwe analandira a Gerry Adams a chipani cha Sinn Féin osawapatsa dzanja, atawaikira gulu la owatsutsa. A Adams anayankha modekha, ndipo oonera ambiri anatuluka akumvera chisoni mlendo yemwe amati amuthire mphepo. Mu Januwale 1992 anali atanyengerera a Peter Brooke, nduna ya boma la Britain yoona za Northern Ireland, kuti aimbe nyimbo pa pulogalamu, tsiku lomwelo bomba la gulu la IRA litapha anthu ochokera kuntchito ku Teebane. A Brooke anafika popempha kutula pansi udindo. Apa msangalatsi anapambana muulutsi, khutu silinamve kuti kunja kuli maliro.

Ena polira ananena kuti a Byrne ndiwo anasintha Ireland. Kumeneko n'kuchulutsa mchere. Amayi a gulu la Irish Women's Liberation Movement, omwe anaonekera pa pulogalamuyo mu 1971, ndiwo ankamenyera ufulu wa amayi. David Norris ndiye anakoka boma kumakhoti mpaka lamulo lomanga amuna ogonana okhaokha linachotsedwa mu 1993, ndipo anthu ovota ndiwo analoleza kuthetsa ukwati mu 1995. A Byrne eni ake anali Mkatolika wa suti ndi tayi, wosamala mayendedwe, ndipo n'chifukwa chake ankaloledwa m'nyumba za anthu. Munthu wooneka woukira akanamuzimitsira kanema. Iwo ankafunsa ngati mnansi yemwe naye wadabwa, motero agogo sankaona chifukwa chotulutsira ana m'chipinda. Anapereka bwalo, anthu n'kudziyankhulira okha, ndipo kusunga bwalo lotero kwa zaka 37 si ntchito yamasewera.

Ukalamba sunawalande lusoli. Mu 2015, ali ndi zaka 80, pa pulogalamu yawo ya za chikhulupiriro ya The Meaning of Life, anafunsa katswiri wa zisudzo Stephen Fry, yemwe sakhulupirira Mulungu, zomwe angadzanene atapezeka pamaso pa Mulunguyo. Fry anayankha mwaukali, kufunsa chifukwa chomwe ana amadwalira khansa ya m'mafupa. Kamera inagwira a Byrne atatsamira kumbuyo, maso ali m'mwamba, nkhope ikuonetseratu kuti mawuwo akuwalasa. Sanamudule mpaka anamaliza. Kanemayo anaoneredwa ndi anthu mamiliyoni pa intaneti, ndipo funso lomwe linabala zonsezo linali chiganizo chimodzi.

Pasanathe miyezi iwiri chiikireni a Byrne, Ireland anatayanso a Marian Finucane pa 2 Januwale 2020 ndi a Larry Gogan pa 7 Januwale, onse aulutsi a RTÉ omwe anthu anakula akuwamva. Mbadwo wa wailesi imodzi unali kupita, ndipo sudzabwereranso, pakuti lero aliyense ali ndi wailesi yake m'thumba. Koma luso lija silifuna dziko la tchanelo imodzi. Inu achinyamata amene mukulowa m'masitudiyo athu, kaya a mumzinda kaya a wailesi za m'madera, konzekerani mokwanira, funsani mwachidule, ndipo musalowe mutagamula kale. Mlendo wanu akakhala chete, musathamangire kumuthandiza. Dikirani pang'ono, mwina mawu omwe wabwerera akali pakhosi.