Sistrunk ndi kanjira kosaoneka ka pakhosi

Nkhani imene Walter Sistrunk, dokotala wa ku Mayo Clinic, anasindikiza mu Annals of Surgery mu 1920 ndi yaifupi kwambiri, koma mpaka lero opaleshoni yochotsa chotupa chobadwa nacho cha pakati pa khosi imadziwika ndi dzina lake.

Chotupachi chimayamba mwana akali m'mimba. Chithokomiro chimaphukira patsinde pa lilime n'kutsikira kunsi kwa khosi, ndipo kanjira kamene chadutsamo kamayenera kufota. Kakapanda kufota kamasunga madzi onanda. Tsiku lina mayi posambitsa mwana amangokhudza kotupa pansi pa chibwano, kamene kamakwera mwanayo akameza kapena akatulutsa lilime.

Powerenga nkhaniyo, chimene chimandigwira mtima n'chakuti maso a Sistrunk sali kwenikweni pa chotupacho. Ali pa kanjirako. Mfundo yake njakuti ukasiya ngakhale kachidutswa, matenda abwerera. Kenako akuvomera chinthu chimene katswiri savomera msanga: kumtunda kwa kafupa kotchedwa hyoid, kanjirako n'kakang'ono ndiponso kosachedwa kuduka, moti ukati ukalondole kakudukira m'manja. Ndiye akuti usakafunefune. Dula pakati pa kafupako, monga dokotala wina, Schlange, ananenera kale mu 1893, kenako ubowole mnofu wozungulira pamene kanjirako kayenera kukhala, mpaka kukafika patsinde pa lilime. Akupereka ngakhale kapendekedwe ka mpeni, madigiri 45, chakumbuyo ndi chakumtunda. Dzanja likutsata zimene mutu ukudziwa za mmene mwana amaumbikira, pamalo pamene diso silikuthandizanso.

Izi n'zolimba kwa kholo. Kumva kuti mwana achotsedwa chidutswa cha fupa labwinobwino chifukwa cha kotupa kochepa ngati nsawawa, ndani sangazengereze? Komatu ine ndili kumbali ya Sistrunk. Madokotala akangochotsa chotupa chokha, pafupifupi theka la odwala chimawabwerera, nthawi zina chitasanduka kabala kotuluka mafinya kosapola, ndipo opaleshoni yachiwiri pamalo a chipsera imavuta kuposa yoyamba. Ndi njira yakeyi, amene chimawabwerera sakwana 10 pa 100 alionse.

Madokotala a masiku ano amayamba aunika khosi ndi sikani kuti atsimikize kuti chithokomiro chili pamalo pake, chifukwa mwa ana ena chooneka ngati chotupacho ndicho chithokomiro chokha chimene ali nacho. Pakakhala mafinya, amayamba apereka mankhwala, kudula kumabwera atapola.