Kusiya Nyanja M'nyumba

Ndimawagomera anthu amene amaweta nsomba za m'nyanja yamchere m'thanki yagalasi, makamaka akamakonzekera ulendo wa tchuthi. Mmisiri weniweni amadziwika pamenepa.

Madzi a m'nyanja zikuluzikulu amakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35 pa lita imodzi, ndipo nsomba monga clownfish, pamodzi ndi makorali, sizifuna kuti muyezo umenewu uzisinthasintha. Vuto n'lakuti madzi amaphwera tsiku ndi tsiku koma mchere umatsalira momwemo, ndiye umanka nuchuluka. Wodziwa ntchito amawonjezera madzi osefedwa bwino opanda mchere, osati amchere ayi. Asanachoke amaika kapampu kothira madzi kokha akatsika, n'kukayesa masiku angapo iye adakali pakhomo. Chipangizo chatsopano sachilumikiza usiku woti mawa anyamuka.

Nzeru imene imanditenga mtima ndi ya chakudya. Nsomba zokhwima zimapirira njala masiku angapo, koma mnansi wachifundo amene wasiyiridwa makiyi akhoza kuzipha ndi kuwolowa manja kwake. Zikamasambirira kugalasi iye amati zikupempha, n'kuthiranso. Zotsala zimawola, amoniya amakwera, mpweya umachepa m'madzi. N'chifukwa chake mwini thanki amagawiratu chakudya m'kabokosi kosungira mapiritsi, tsiku lililonse kachipinda kake, chitini chonse cha chakudyacho n'kuchibisa. Mnansiyo angakhumudwe pang'ono, zilibe kanthu.

Mwini thankiyo nyali amaziikira wotchi yoyatsa ndi kuzimitsa, madzi amawasunga pa madigiri 25 kapena 26, ndipo amasiya kapampu ka batire kopopera mpweya kuchitira kuti magetsi angazime.