Lipoti la Margo ndi Umboni wa ku Mbuzini

Abale athu otsogolera makalasi a kuwerenga ndi kulemba, mukafika pa mbiri ya dziko lathu sipalephera kupezeka wophunzira wachikulire wofunsa kuti, "Nanga a Samora anafa bwanji?" Funso limeneli lili ndi yankho lolembedwa, ndilo lipoti la bungwe limene linatsogozedwa ndi woweruza wa ku South Africa, Cecil Margo, m'chaka cha 1987. Ife tikufuna tiliyeze lipotili monga tiyezera chimanga pamsika, tione pamene ladzaza ndi pamene laperewera.

Usiku wa pa 19 Okutobala 1986 ndege ya mtundu wa Tupolev 134, yoyendetsedwa ndi anthu a ku Soviet Union, inali kubwerera ku Maputo kuchokera ku Mbala, ku Zambia, kumene Pulezidenti Samora Machel anakakumana ndi Kaunda, dos Santos ndi Mobutu. Itatsala pang'ono kufika, inakhotera kudzanja lamanja ndi madigiri 37, ndipo inayamba kutsika molunjika ku mapiri a Lebombo. Inakagwera ku Mbuzini, m'dziko la South Africa, pafupi penipeni ndi malire athu. Mwa anthu 44 amene anali m'ndegemo, 35 anamwalira.

Ndege yaikulu imayenda ndi mboni zake. Anthu amazitcha mabokosi akuda, ngakhale kuti amapakidwa utoto wowala ngati lalanje kuti asavute kupeza. Lina limajambula mawu onse olankhulidwa m'chipinda cha oyendetsa, ena amalemba liwiro, kutalika kwake kuchokera pansi ndi kumene ndege yalunjika. Pamene lipoti la Margo likutsamira pa mboni zimenezi, ndi lolimba, ndipo tisabise. Likusonyeza kuti oyendetsa sanapereke kalata ya ulendo wawo monga mwa lamulo, kuti mafuta anali osakwanira kukafika ku Beira zinthu zikanavuta ku Maputo, ndi kuti anapitiriza kutsika asanaone nyali za bwalo la ndege, poganiza kuti magetsi azima mumzinda. Chowawa kwambiri n'chakuti belu lochenjeza kuti nthaka yayandikira linalira kwa masekondi 32, koma ndege sanaikweze. Akatswiri a maiko atatu, South Africa, Mozambique ndi Soviet Union, anagwirizana pa zimene mabokosiwo ananena. Munthu wokonda a Samora angafune kudumpha masamba amenewa, koma mphunzitsi asawadumphe.

Tsono mafunso alipo awiri, ndipo lipotili likuwamanga mtolo umodzi. Loyamba: chifukwa chiyani ndege inagunda phiri? Lachiwiri: chinaichotsa pa njira yake n'chiyani? Loyambalo layankhidwa ndi umboni. Lachiwirilo ayi ndithu.

Pabwalo la ndege pamakhala chipangizo cha wailesi chotchedwa VOR, chimene chimaitana ndege usiku monga ng'oma iitanira wosokera m'thengo. Pa tepi ija, mkulu wa ndege atafunsa chifukwa chokhotera, woona za njira anayankha kuti VOR ikuloza kumeneko. Bungwe la Margo linati mwina anatchera molakwa, n'kugwira VOR ya ku Matsapha, ku Swaziland (lero Eswatini), imene nambala yake inali 112.3, m'malo mwa ya ku Maputo ya 112.7. A ku Soviet Union anakana, nati panali VOR yonyenga imene anthu anaika dala kuti isokeretse ndegeyo. Margo anatsutsa zimenezo ponena kuti ndege ina ya LAM imene inali kubwera ku Maputo nthawi yomweyo sinasokonezeke. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu, sitikana. Koma kugwetsa ganizo la mnzako sikutsimikiza lako. Nkhani ya Matsapha ndi kulingalira kwa akatswiri, si chinthu chimene tepi inanena. Chimene ife tikudandaula n'chakuti wowerenga wothamanga amatseka lipotili akuganiza kuti zonse zinayezedwa mofanana, pamene zina zinayezedwa, zina zinangoganiziridwa.

Vuto lalikulu kuposa pamenepa lili pa manja amene anagwira umboni. Kwathu kuno mbuzi ikabedwa usiku, akuluakulu amalawirira kukhola kukaona mapazi mame asanaume, ndipo salola aliyense kupondapo. Tayerekezani kuti woyamba kufika pakholapo ndi munthu amene mwini mbuzi ali naye pa udani, ndipo wakhalapo yekha usiku wonse. Ngakhale atakhala kuti sanasese kanthu, ndani pabwalo la mfumu adzakhulupirira mapazi amenewo? Ofufuza milandu masiku ano amalemba dzina la aliyense wogwira chinthu cha umboni, ola limene wachitenga ndi amene wamupatsira, kuti pasakhale mpata wokayikira. Ku Mbuzini oyamba kufika mwa a boma anali apolisi a South Africa. Ena mwa opulumuka anadzanena kuti apolisiwo anatanganidwa ndi kutola mapepala anthu ovulala akubuula. Boma la ku Maputo linauzidwa kutacha. Mabokosi aja anakhala m'manja mwa Lothar Neethling, mkulu wa nthambi ya polisi yoyeza umboni, ndipo panapita masabata angapo tepi ya mawu isanakamvedwe ku Zurich, ku Switzerland, pamaso pa maiko onse atatu.

Malamulo a ndege a dziko lonse amapereka udindo wofufuza ngozi kwa dziko limene ngoziyo yachitikira. Choncho South Africa sinaphwanye lamulo potsogolera. Koma linali boma la tsankho lomwe lija limene linapitiriza kuthandiza Renamo ngakhale linasaina pangano la Nkomati mu 1984. Wokayikiridwa anasanduka wosunga umboni, ndiponso woitanitsa bwalo. Mozambique ndi Soviet Union anakana kukhala nawo pa bwalo la Margo ku Johannesburg mu Januwale 1987. M'bungwemo munali anthu odziwa ntchito, monga Frank Borman wa ku America, amene anazungulira mwezi mu 1968, ndi akatswiri ena a ku Britain. Luso lawo sitikulikayikira, koma katswiri amayeza chimene chaikidwa patebulo. Lipotili silikupatsa nkhani ya manja imeneyi malo oyenera kukula kwake.

Onaninso m'mene umboni unagwiritsidwira ntchito bwalo lisanakhale. Nduna yoona za kunja, Pik Botha, anauza atolankhani kuti m'magazi a ena mwa oyendetsa munapezeka mowa. Madokotala oyeza mitembo amadziwa kuti thupi likayamba kuwonongeka limatha kupanga lokha mowa pang'ono, ndipo lipoti la Margo lomwe silinaike mlandu pa kuledzera. Koma mawu anali atauluka kale, ndipo mpaka lero mudzamva wina akuti "anali ataledzera aja." Botha yemweyo anaonetsa mapepala otoledwa pangoziyo, nati akusonyeza chiwembu cha Mozambique ndi Zimbabwe chofuna kugwetsa boma la Dr. Banda ku Malawi. Ife a m'malire tikukumbukira m'mene zinthu zinaliri zothina miyezi imeneyo, a Samora atapita ku Blantyre mu Seputembala kukadandaula za Renamo. Mapepalawo sakanatha kufotokoza chimene chinagwetsa ndege, koma ndiwo anayamba kufika kwa atolankhani, tepi ikadali yotsekeredwa.

Mlandu suola. Tsankho litatha, bungwe la choonadi ndi chiyanjano la South Africa, limene linatsogozedwa ndi Archbishop Desmond Tutu, linautsanso nkhaniyi, ndipo mai Graça Machel anaperekako umboni. Mu lipoti lake la 1998 bungwelo linati silinapeze umboni wokwanira kutsimikiza mbali iliyonse, koma linasiya poyera funso la VOR yonyenga, ndi lakuti chifukwa chiyani akuluakulu a South Africa sanachenjeze ndege imene inali kulowa m'dziko lawo.

M'kalasi mungachite chonchi. Lembani pabolodi ziganizo zinayi kapena zisanu za nkhaniyi, monga "Belu linalira masekondi 32," "Anatchera VOR ya ku Matsapha," "Panali VOR yonyenga," "Oyendetsa anali oledzera." Ophunzira awerenge chimodzichimodzi, ndipo pa chilichonse afunse: wanena ndani, anachiona kapena akuganiza, nanga umboniwo unagona kwa yani usiku woyamba? Asiyeni atsutsane, inu musafulumire kugamula.