Chikalata cha Octaplas: zimene chikulonjeza ndi zimene chikukana kulonjeza

Mankhwala ololedwa ku America amayenda ndi chikalata cha malangizo cholembera madokotala, ndipo ndi ochepa amene amachiwerenga mpaka kumapeto. Cha Octaplas n'chofunika kuchikhalira pansi. Octaplas ndi plasma, madzi achikasu aja otsala maselo akachotsedwa m'magazi, yopangidwa ndi kampani ya Octapharma, ndipo bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linailoleza mu 2013. Imafika kuchipatala itauma gwa ndi kuzizira, m'matumba a mamililita 200. Amaiika odwala amene magazi awo akulephera kuundana chifukwa cha matenda a chiwindi, opaleshoni ya mtima kapena kuikidwa chiwindi china, komanso odwala nthenda ya magazi yotchedwa TTP. Imasiyana ndi plasma wamba chifukwa inadutsa m'mankhwala opha tizilombo. Komabe chikalata chake sichiyamba ndi kudzitama. Chikunena zinthu ziwiri zokokana, ndipo chaziika m'magawo otalikirana.

Tiyambire chakumapeto, pa gawo 11, pamene afotokoza kapangidwe kake. Apa chikalata chikulankhula molimba mtima, ndi manambala okhaokha. Plasma imasefedwa kuti tizidutswa ta maselo tichoke. Kenako amathiramo mankhwala awiri, tri-n-butyl phosphate ndi octoxynol, aliwonse pa mlingo wa 1 peresenti, n'kuisiya pa kutentha kwa madigiri 30 kwa ola limodzi kufikira ola ndi theka. Octoxynol ndi mtundu wa sopo, ndipo mnzakeyo ndi chosungunulira mafuta. Tizilombo ta HIV, hepatitis B, hepatitis C ndi West Nile tili ndi chikuto chamafuta chimene timagwirira nacho selo la munthu kuti tilowemo. Chikutocho chikasungunuka, kachilombo kathera pomwepo. Ntchito ikatha, mankhwala aja amawatsuka ndi mafuta komanso zosefera zapadera, ndipo chikalata chikutchula ngakhale mlingo wa tizotsalira tawo umene usapyoledwe. Njirayi anaitulukira Bernard Horowitz ndi anzake ku New York Blood Center m'zaka za m'ma 1980, ndipo pa tizilombo tachikutoti yagwira ntchito yotamandika. Gawoli lili ndi chifukwa chomveka cholankhulira mosajejema.

Tsono bwererani ku gawo 5, la machenjezo. Mawu asintha. Chikalata chomwechi chikuti popeza mankhwalawa achokera m'magazi a anthu, akhoza kupatsirabe matenda, ndipo chikutchula mavairasi pamodzi ndi chimene chimayambitsa nthenda ya ubongo ya vCJD. Wowerenga mothamanga anganene kuti awa ndi mawu a maloya, oikidwa kuti kampani idzapeze pozembera mlandu. Ine sindikuvomereza. Chenjezoli likutuluka mu njira yomwe ija yofotokozedwa pa gawo 11: sopo amasungunula mafuta, ndiye kachilombo kopanda chikuto chamafuta kamadutsamo kali bwinobwino. Hepatitis A, hepatitis E ndi parvovirus B19 ndi totero. Ndipo izi zinachitikapo ndithu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, odwala haemophilia ku Italy, Germany, Ireland ndi Belgium anatenga hepatitis A kudzera m'mankhwala oundanitsa magazi a factor VIII amene anali atatsukidwa m'njira yomweyi. Chiganizo chachifupi cha pa gawo 5 chili ndi anthu amenewa kumbuyo kwake, ngakhale sichikuwatchula.

Nanga tizilombo tosamva sopoti achita nato bwanji? Chikalata chikuyankha ndi mipanda ina iwiri. Woyamba ndi kuyeza: plasma ya anthu ambiri imasakanizidwa pamodzi, ndipo msanganizowo umafufuzidwa ngati muli chibadwa cha tizilomboto, ndipo pa parvovirus B19 aika malire akuti akapyoledwa, plasma yonseyo sigwiritsidwa ntchito. Wachiwiri ndi wochititsa chidwi. Mwa anthu ambiri opereka magazi, ena anadwalapo hepatitis A kapena B19 n'kuchira, ndipo m'madzi a magazi awo muli chitetezo chimene thupi linapanga. Chitetezo cha anthu ochirawa ndicho chimamanga kachilombo kochokera kwa munthu wina mu msanganizo womwewo. Pa vCJD, yomwe si vairasi n'komwe koma puloteni yopindika molakwika, awonjezera chosefera china chokola mapuloteni oterewa. Taonani kuti pa zonsezi chikalata chikulankhula za kuchepetsa chiopsezo. Palibe pamene chikuti chathetsa.

Apa ndi pamene ndikuona kuti chikalatachi chabisa mutu wa nkhani pakona. Pa gawo 11 pomwepo, pakati pa manambala ena, pali mzere wonena kuti plasma ya mtanda umodzi imachokera kwa anthu mazanamazana, mpaka 1,520. Tanthauzo lake n'lakuti wodwala wolandira thumba limodzi walandira kadontho ka munthu aliyense mwa anthu amenewo. Thumba la plasma wamba limachokera kwa munthu mmodzi; iye akakhala ndi kachilombo kosadziwika, wopatsiridwa ndi wodwala mmodzi kapena ochepa. Mu msanganizo, nsomba ikawola imodzi zawola zonse. Kachilombo katsopano kopanda chikuto, kamene palibe akukayeza ndipo opereka magazi alibe chitetezo chake, kangafike m'matumba onse a mtandawo. Kusakaniza kuli ndi ubwino wake woona. Thumba lililonse limakhala ndi mphamvu yofanana ndi linzake, ndipo zinthu za m'magazi a munthu mmodzi zimene nthawi zina zimavulaza mapapo a wolandira zimasukuluka. Koma nambala imeneyi ya opereka plasma ndiyo imalongosola kulemera kwa chenjezo la pa gawo 5, ndipo inayenera kuima pambali pake, osati magawo asanu ndi limodzi kutsogolo kumene dokotala wotanganidwa safikako.

Amene akukayika kuti kusakaniza ndi nkhani yaikulu ayang'ane ku Britain. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, odwala haemophilia ankabayidwa mankhwala opangidwa kuchokera ku plasma ya anthu zikwizikwi, ena mwa iwo ogulitsa magazi ku America, ndipo kwa zaka zambiri mankhwalawo sankadutsa m'njira yopha tizilombo. Lipoti la kafukufuku amene anatsogolera Sir Brian Langstaff, lotuluka pa 20 May 2024, linapeza kuti anthu oposa 30,000 anapatsiridwa HIV kapena hepatitis C kudzera m'magazi ndi mankhwala ochokera m'magazi, ndipo pafupifupi 3,000 anamwalira. Mwa opatsiridwa HIV munali ana pafupifupi 380. Chimodzi mwa zowawa kwambiri mu lipotilo n'chakuti odwala ndi makolo awo sankauzidwa za chiopsezo chimene madokotala ndi akuluakulu ankachidziwa.

Pali chenjezo lina limene ndimalilemekeza kwambiri, chifukwa likuvomereza kuti kutsukako kuli ndi mtengo wake. Sopo sasankha adani okha. Amafooketsanso mapuloteni awiri a m'plasma: protein S, yoletsa magazi kuundana mopitirira, ndi alpha-2 antiplasmin, yoletsa magazi oundana kusungunuka msanga. Choncho chikalata chikuchenjeza mbali zonse ziwiri, kuti wina magazi angamuundane m'mitsempha, winanso angataye magazi, ndipo chikuletseratu kuiika munthu amene protein S yake ndi yochepa kwambiri. Nthawi ija ya ola limodzi kufikira ola ndi theka nayonso ili ndi mbiri. Poyamba plasma inkakhala m'mankhwalamo maola 4, ndipo anaifupikitsa kuti mapuloteni asaonongeke kwambiri. Ku America komweko kunali plasma ina yotsukidwa, PLAS+SD, yololedwa mu 1998, imene inachoka pamsika patapita zaka zochepa, odwala ena oikidwa chiwindi ataundana magazi mpaka kumwalira.

Nkhaniyi si ya kutsidya kwa nyanja kokha. Ku Pinetown, pafupi ndi Durban, National Bioproducts Institute imapanga Bioplasma FDP, plasma yosakanizidwa, yotsukidwa m'njira yomweyi n'kuumitsidwa kukhala ufa, ndipo abale athu okhala ku South Africa akhoza kuikidwa imeneyi atachita ngozi.

Gawo lomaliza la chikalata, la 17, ndilo lonena zoti auzidwe wodwala, ndipo ndi lalifupi kwambiri: amukumbutse kuti mankhwalawa achokera m'magazi a anthu, ndipo akaona zizindikiro zachilendo anene. Chikalata chanena zoona, ndipo pa chimenecho ndikuchiyamikira, koma choonadi chambiri chasiyidwa m'manja mwa dokotala. Inu madokotala ndi anamwino amene mumapachika matumbawa, wodwala akakhala kuti akutha kumva, kapena mbale wake ali pafupi, muuzeni zonse ziwiri: kuti HIV ndi hepatitis B ndi C zaphedwa m'thumbamo, komanso kuti plasma imeneyo yachokera kwa anthu mazanamazana ndipo pali tizilombo tina timene sopo satipha.